Roadster yanga ikutsamwa pachitunda, pampu ndi yatsopano koma palibe chasintha

Mwini Roadster:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Eunos Roadster ya 1991, ija ya nyali zotukuka pa boneti, injini 1.6, giya yamanja. Kwa amene simukuidziwa, ndi Mazda MX-5 yomweyo, kungoti ku Japan ankaigulitsa ndi dzina la Eunos. Ndinaigula kuno ku Blantyre kwa bambo wina amene anangoiimika kuseri kwa nyumba, matayala mpaka kuphwa.

Vuto lake ndi ili. Ikalira, imalira bwinobwino, mutha kuisiya pamenepo mpaka kukada osazima. M'tauni imayenda. Koma ndikangoti ndiponde moto pachitunda, imayamba kutsamwa, kudukizadukiza, nthawi zina kuphulika kumbali ya fyuluta ya mpweya. Loweruka ndimachokera ku Chikwawa, kukwera kuchokera pa Thabwa ndinachita kukwawa pa giya 2, ma minibasi odzadza akundipitirira uku akundiimbira hutala. Komanso ndikaizimitsa n'kulowa m'sitolo, pobwera imavuta kudzuka, sitata imazungulira kaye nthawi yaitali.

Makaniko wina anasintha pampu ya mafuta, ma pulagi ndi mawaya ake. Ndalama zapita, matenda ali pompo.

Mnyamata wa Sienta:
Bwana, gulitsani mugule Sienta. Galimoto ya mipando iwiri, maliro akachitika kumudzi munyamula ndani?

Mwini Roadster:
Ya maliro ilipo ina, achimwene. Iyi ndi ya mtima.

Bambo a Tadala:
Funso loyamba, mwakhala mukuthira mafuta a m'zigubu? Nthawi ija ya mizere pa mafilingi ambiri tinaononga magalimoto ndi petulo wa m'mbali mwa msewu. Yanga inamwa madzi ndi parafini, inkachita chimodzimodzi.

Mwini Roadster:
Ine ayi, koma mwini wake wakale sindingamulumbirire.

Mlamu wa ku Joni:
Koyilo imeneyo, mlamu. Ndi imene imapereka moto ku ma pulagi, ikatentha imafooka. Sinthani koyilo muone.

Mdala wa ku Biwi:
Taimani kaye ndi zosinthasintha. Mwasintha kale zinthu zitatu osayeza kanthu, mukufuna muonjezere chachinayi? Ndiyankheni izi, mwana wanga. Choyamba, thanki ikakhala yodzadza vuto limachepa, kapena ndi chimodzimodzi? Chachiwiri, ma pulagi atsopanowo mutawatulutsa lero akuoneka bwanji kumutu? Chachitatu, fyuluta ya mafuta inasinthidwa?

Mwini Roadster:
Zikomo mdala. Thanki yodzadza kapena ya theka, palibe kusiyana. Ma pulagi ndatulutsa awiri pompano, ndi oyera mbee, palibe mwaye ngakhale pang'ono. Za fyuluta, makaniko uja anati galimotoyi ilibe, anayang'ana mu boneti monse osaipeza.

Mdala wa ku Biwi:
Ilipo. Ili pansi pa galimoto, kumbuyo, mbali ya kumanja pafupi ndi tayala, yabisala kuseri kwa chivindikiro cha pulasitiki. Munthu amene sanaipeze fyuluta ndiye amene anakutsegulirani thanki? Chabwino, tiona.

Pulagi yoyera choncho ikutiuza kuti injini ikulandira mpweya wambiri, mafuta ochepa. Koyilo ikafooka pulagi imada kapena kunyowa, chifukwa mafuta amabwera koma sakupsa. Ndiye za koyilo tiziike pambali. Ndipo musiye kuikakamiza pazitunda, injini yosowa mafuta imatentha kwambiri mkati, mungaotche ma valavu.

Bambo a Tadala:
Njira yachidule nayi. Tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake koma osaliza. Tcherani khutu kumbuyo kwa mipando. Pampu iyenera kung'ung'udza pang'ono n'kusiya. Mukapanda kumva kanthu ndiye kuti magetsi sakufika.

Mwini Roadster:
Ndayesa. Kuli zii. Ndiye kuti ndi relay kapena fyuzi?

Wamagetsi Ndirande:
Ayi ayi, musathamangire kugula relay. A Bambo a Tadala akunena zoona pa magalimoto ambiri. Koma Roadster ya 1.6 simatero. Pampu yake siyamba ndi kiyi yokha. Imayamba pamene sitata ikuzungulira, kenako injini ikagwira, chimene chimaisunga kuti izipopabe ndi kaswitchi kamene kali mkati mwa air flow meter, chibokosi chija chili pamwamba pa fyuluta ya mpweya. Muli kachitseko kamene mpweya umakankha, kakangotseguka pang'ono kaswitchi kamagwira, relay ya pansi pa dashibodi n'kupereka moto ku pampu. Anapanga dala kuti injini ikazima pangozi mafuta asapitirire kupopedwa.

Ndiye kukhala zii kumeneko ndi khalidwe lake. Komanso taganizani, galimoto ikuyenda m'tauni, ingayende bwanji pampu isakulandira moto?

Mukafuna kuimva, chitani izi. Mu boneti mbali ya kumanzere muli kabokosi kakang'ono kakuda kolembedwa DIAGNOSIS. Tsegulani, mkati mwa chivindikiro muli chithunzi cha mabowo ake. Tengani kawaya kakafupi mulumikize bowo la F/P (la pampu ya mafuta) ndi la GND (la negativu), kenako tembenuzani kiyi. Yang'anitsitsani kawiri musanalowetse, chifukwa mommo mulinso B+, bowo la moto wa batire, mukaphonya bowo muphulitsa fyuzi kapena kuotcha waya.

Bambo a Tadala:
Ndaphunzirapo. Ine ndimadziwa za magalimoto anga omwewa.

Mwini Roadster:
Yalira! Ikung'ung'udza bwinobwino kumbuyo kwa mipando, ndikumvanso mafuta akuyenda m'mapaipi.

Mlamu wa ku Joni:
Mwaona? Pampu ili bwino. Ndiye vuto si mafuta. Ngati si koyilo, ndi air flow meter yomweyo imene Wamagetsi watchula. Imasuleni muitsuke.

Wamagetsi Ndirande:
Chonde mwini galimoto, musanagwire chibokosi chimenecho werengani izi. Pamene palowa pulagi ya mawaya pali tizisikuluu tiwiri. Aliyense akaona amaganiza kuti pulagi imachoka ukamasula timeneto. MUSAMASULE. Kuseri kwake kuli timiyendo tomatidwa ndi soda (solder), mukakoka timaduka, ndipo galimoto siyendanso mpaka mutapeza wina wodziwa kumata kapena meter ina, imene kuno kwathu simuipeza msanga. Pulagi imachoka ukatukula kawaya kachitsulo kamene kaizungulira. Ndalandirapo kale ma Mazda akale atafa chifukwa cha tizisikuluu timeneti.

Ndipo palibe chimene chikuloza kumeneko. Kaswitchi kaja kakafa galimoto imalira n'kuzima nthawi yomweyo. Yanu sikuzima.

Mdala wa ku Biwi:
Alamu a ku Joni, kulira kwa pampu si umboni. Munthu akhoza kupalasa njinga thukuta kamukamu tcheni chitaduka, miyendo ikuzungulira koma sakupita kulikonse. Chimene injini ikufuna ndi puresha ndi kuchuluka kwa mafuta pa ma injector, timipopi tothira mafuta mu injini, ndipo zimenezo khutu siliyeza.

Yambani ndi fyuluta poti iyenera kusinthidwa ndithu, kaya ndi imene yalakwa kaya ayi. Koma muli puresha m'mapaipimo, musangozula. Lizani injini, zulani pulagi ya relay ya pampu pansi pa dashibodi, dikirani izime yokha. Tsegulaninso chitsekero cha thanki mpweya utuluke. Mukachotsa fyuluta yakale, thirani zamkati mwake mu botolo loonekera kudzera mbali yolowera mafuta, mutiuze mwaona chiyani.

Mwini Roadster:
Ndabwera nazo. Fyuluta ndaipeza pamene munanena, ma bawuti ake adzimbiri okhaokha, ikuoneka kuti ndi yochokera nayo ku Japan. Zimene zatuluka mu botolo ndi zofiirira ngati thobwa, pansi padikha timchenga ta dzimbiri ndi timadontho ta madzi. Muli tizidutswa takuda tofewa, ndikafinya ndi chala tikumatirira.

Ndaika yatsopano, ndayesa pa chitunda cha ku Soche. Yasinthako pang'ono, koma ndikaponda kwambiri ikutsamwabe. Kudzuka movutikira kulinso pompo.

Bambo a Tadala:
Madzi amenewo ndi zigubu zija ndinanena.

Mayi a Chisomo:
Mwina zigubu, mwinanso kungoima. Thanki ikakhala ndi mafuta ochepa nthawi yaitali, usiku kukazizira chinyontho chimasanduka madzi m'makoma ake. Koma ine chandigwira mtima ndi tizidutswa takudato. Dzimbiri silimatirira pachala. Umenewo ndi mphira, ndipo fyuluta ili pakati pa thanki ndi injini, ndiye wachokera kumbuyo, osati kutsogolo.

Mdala wa ku Biwi:
Amayi mwaona bwino. Ine ndili nacho kale chimene ndikuganizira koma sindinena, geji inene yokha. Mwana wanga, pezani geji ya puresha ya mafuta. Osati ya matayala, osati ya oyilo yomangidwa ndi malegeni. Magalaja amene amakonza ma injector amakhala nayo, pemphani mubwereke kapena pitani konko ndi galimoto. Muilumikize ndi cholumikizira chooneka ngati T pa paipi yobweretsa mafuta, isanafike pa njanji ya ma injector. Mapaipi alipo awiri, wobweretsa ndi wobweza. Wobweza ndi amene wachokera pa regulator, kachipangizo kosunga puresha ya mafuta pa mlingo wake.

Manambala a galimoto imeneyi ndi awa. Injini ikulira yokha osaponda, geji iwerenge pakati pa 2.2 ndi 2.6 bar. Mukazula kapaipi ka mpweya pa regulator, ikwere kufika pakati pa 2.7 ndi 3.1. Mukazimitsa, isagwe msanga, pakatha mphindi 5 ikhale idakali cha pa 1.5 kapena kuposa.

Mukazula kapaipi ka pa regulator, mukanunkhize. Kakakhala konyowa ndi petulo ndiye kuti regulator yabooka mkati.

Mnyamata wa Sienta:
Gulu lino lasanduka sukulu ya ku Soche Technical. Mayeso liti?

Mwini Roadster:
Mayeso ndalemba kale, zotsatira nazi. Ikulira yokha, 1.5 bar, singano ikunjenjemera. Kuzula kapaipi ka regulator, yangosuntha pang'ono kufika 1.7. Kapaipi ndi kouma, sikakununkha. Kuzimitsa, singano yagwa mpaka pa ziro ndisanamalize ngakhale kutulutsa foni kuti ndijambule.

Mlamu wa ku Joni:
Regulator ndiye. Ikutaya mafuta onse kubwerera ku thanki. Kuno ndingakupezereni.

Mdala wa ku Biwi:
Ikhoza kukhala, koma tisagule kaye. Puresha ikamathawa choncho njira zake ndi zitatu. Ikhoza kutuluka pa regulator kubwerera ku thanki, ikhoza kudontha pa injector kulowa mu injini, kapena kubwerera m'mbuyo kumene inachokera, ku pampu. Injector yodontha tikanaiona, pulagi imodzi ikanada ndipo galimoto ikanatulutsa utsi wakuda podzuka. Zatsala ziwiri, ndipo kuzisiyanitsa n'kosavuta.

Lumikizani F/P ndi GND monga anakuphunzitsirani Wamagetsi, injini isalire. Kulungani kansalu pa pulayala, finyani paipi yobweza kwa kanthawi kochepa chabe, maso pa geji. Mwatseka njira ya regulator. Ngati pampu ndi yamphamvu ndipo mafuta ake onse akufika, singano ithamanga kupitirira 4 bar, pamenepo musiye msanga. Ikatero ndiye Alamu a ku Joni apambana, regulator ndi imene ikutaya. Koma ikangokhala pomwepo, mafutawo akutayika asanafike n'komwe.

Mapaipi a 1991 ndi ouma, finyani mwaulemu. Mukaona ming'alu musafinye, sinthani kaye.

Mwini Roadster:
Ndafinya. Yafika 1.8 n'kukanirira pamenepo. Ndinazimitsanso kiyi ndidakafinya, yagwabe mpaka ziro.

Mlamu wa ku Joni:
Eee, ndagonja. Ndiye anakugulitsani pampu yabodza.

Wamagetsi Ndirande:
Tisanaiweruze pampu, tione ngati ikudya mokwanira. Pampu yolandira 9 volts imalira ndithu koma mphamvu ilibe. Chotsani kapeti ya pa shelefu kuseri kwa mipando, pali chivindikiro chachitsulo, pansi pake ndi pamene pali mutu wa thanki ndi pulagi yake. Yezani pa pulagipo pampu ikulira, osati itazulidwa. Kenako yezani pa batire, ili mu buti pafupi pomwepo. Kusiyana kusapitirire volt imodzi.

Koma ndinene chilungamo, magetsi ochepa safotokoza kugwa kwa singano mukazimitsa. Ndikungofuna titseke khomo limeneli.

Mwini Roadster:
Batire 12.5, pa pampu 12.0.

Wamagetsi Ndirande:
Mbali yanga ndi yoyera. Mdala, nkhani ndi yanu.

Mdala wa ku Biwi:
Basi, tsegulani thanki. Tsopano mundimvere bwino chifukwa apa ndi pamene anthu amapsa. Chitirani panja, osati m'galaja yotseka. Chotsani waya wa negativu pa batire, ndipo kumbukirani kuti batire ya galimoto imeneyi ili pafupi ndi pamene mukugwira ntchito. Tsitsani denga mpweya uziyenda. Mbaula, ndudu, nyale ya magetsi a m'nyumba, zonse kutali. Ana asayandikire.

Pukutani fumbi kuzungulira mutu wa thanki musanamasule, lingagwere mkati. Ikani chizindikiro pa mapaipi awiriwo kuti musawasinthanitse pobweza. Tizisikuluu ta pamutupo timakhala tadzimbiri ndipo mitu yake imalala msanga, tsirani mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo mumasule m'mawa, ndi sikuludiraiva yokwana bwino, mukukanikiza ndi thupi lonse. Potulutsa, pendeketsani pang'onopang'ono, pali kamkono ka choyandama choyezera mafuta, kamapindika msanga.

Mukatulutsa musayang'ane pampu. Yang'anani kapaipi kakafupi kamene kalumikiza pampu ndi paipi yachitsulo.

Mwini Roadster:
Mdala, munadziwa bwanji?

Kapaipi kaja katupa, kafewa ngati phala, khungu lake lakunja likusupuka ndikangokhudza. Pambali pali mng'alu wotalika ngati chikhadabo. Ndikapinda pang'ono ukuyasama. Kumtunda anamanga ndi kilampu, kumunsi anangomanga ndi kachingwe ka pulasitiki kaja timamangira mawaya. Kasefa ka kumunsi kwa pampu ndi kakale komwe, kakuda bii, anangokachotsa pa pampu yakale n'kukaveka pa yatsopano. Ndapeza katsopano kali m'katoni momwe mu buti, sikanatsegulidwe.

Mdala wa ku Biwi:
Sindinadziwe, tizidutswa ta Mayi a Chisomo ndi geji ndi zimene zinanena. Tsopano zonse zikugwirizana. Pampu imapopa, theka la mafuta limatulukira pa mng'alu n'kugweranso mu thanki momwemo. Panja simuona dontho, simumva fungo. Injini ikamalira yokha imafuna mafuta ochepa kwambiri, otsalawo amakwana. Pachitunda mwatsegula mpweya wonse, ma injector akutseguka nthawi yaitali, regulator nayo ikufuna puresha yokwera, koma pampu ilibe choonjezera. Mukazimitsa, mafuta a m'mapaipi amatsikira pa mng'alu womwewo, ndiye podzuka sitata iyambe yadzadzanso mapaipi. Matenda awiri, bala limodzi.

Koma taonani, musanasinthitse pampu galimoto inali kale ndi vuto. Limenelo ndikuganiza linali fyuluta yotsekeka ndi kasefa kodzadza dzimbiri. Munthu uja anasiya matenda akale n'kuonjezerapo ake.

Bambo a Tadala:
Ethanol ameneyu. Petulo wathu amadya mphira. Magalimoto akale a ku Japan sanapangidwire zimenezi.

Mayi a Chisomo:
A Bambo a Tadala, ethanol ali ndi milandu yake koma uwu si wake yekha. Dziko lino lakhala likusakaniza ethanol mu petulo kuyambira 1982, wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, kenako anayambanso kupanga ku Chikwawa. Akanakhala kuti amasungunula paipi iliyonse m'miyezi yochepa, bwenzi magalimoto onse a m'dziko muno ali pamiyala. Ku Britain anayamba petulo wa E10, wokhala ndi ethanol wofika 10 peresenti, mu 2021 ndipo eni magalimoto akale anadandaula kwambiri, ife tinali titazolowera kalekale.

Nkhani ndi mtundu wa paipi. Paipi wamba wa mafuta ali ndi zikopa ziwiri. Chamkati anachipanga kuti chizikhudzana ndi petulo, chakunja anachipangira mpweya, kutentha ndi fumbi la mu boneti. Mukauviika mu thanki, petulo amagwira chikopa chakunja usana ndi usiku, chimatupa, ulusi wa pakati umamasuka, puresha ya mkati n'kung'amba. Zikanachitika ngakhale ndi petulo wopanda ethanol, ethanol amangofulumizitsa. Wa mkati mwa thanki amalembedwa SAE 30R10 pambali pake. Wa 30R9 ndi wabwino pa ma injector kunja kwa thanki, koma osati woviika. Wa 30R7 ndi wa puresha yochepa, wa magalimoto a kabureta.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa madzi. Ethanol amakoka chinyontho, ndipo galimoto ikaima nthawi yaitali madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pamene pampu imayamwa. Dzimbiri lija lachokera pamenepo.

Mwini Roadster:
Ndayang'ana pa kachidutswa kaja, palibe cholembedwa chilichonse. Ndazungulira masitolo a zipangizo ku Limbe, ndikatchula 30R10 akungondiyang'ana, wina wandipatsa paipi yakuda yomweyo akuti ndi yolimba kwambiri, amaika pa malole.

Mayi a Chisomo:
Musatenge. Kulimba m'manja si nkhani.

Mdala wa ku Biwi:
Yang'anani kaye m'katoni muja munapeza kasefa. Mapampu ambiri amabwera ndi kachidutswa ka paipi yake ndi makilampu awiri m'kathumba.

Mwini Roadster:
Mulibe. Kaya sikanabwere, kaya kanapita ndi makaniko.

Mlamu wa ku Joni:
Apa ndiye ndithandizepo, poti koyilo ndi regulator zandikana. Kuno amagulitsa. Ndi wa 8 mm mkati, eti? Pali mnyamata wakwathu akukwera basi sabata ino, ndimupatsira kachidutswa ndi makilampu enieni a ma injector, aja osalala mkati osadula mphira. Mundilembere kumbali tigwirizane pokalandirira ku Wenela.

Mdala wa ku Biwi:
8 mm, inde. Mutumize wotalikirapo, adule yekha.

Podikira basi, ntchito ilipo. Unikani mu thanki ndi tochi ya batire yotsekeka bwino, muone pansi pake.

Mwini Roadster:
Pansi pali matope ofiira pang'ono ndi timabala ta dzimbiri apa ndi apo. Makoma ndi oyera. Nditsitse thanki ndikatsukitse?

Bambo a Tadala:
Tsitsani, muthiremo timiyala ndi dizilo, mukhutchumule bwinobwino. Kumudzi timatero ndi mathanki a njinga zamoto.

Mdala wa ku Biwi:
Pa njinga yamoto inde. Pa Roadster thanki ili pamwamba pa chimango chonse cha kumbuyo. Kuti ituluke mutsitse difu, ekizozi, shafuti, chimango chonse ndi miyendo yake. Pa galimoto ya zaka zoposa 30 mudzathyola ma bawuti amene simudzawapeza ku Limbe. Dzimbiri la timabala silifuna zonsezo.

Popani mafuta onse akale ndi kapampu kamanja, osati pakamwa, osatinso ndi makina a magetsi okokera fumbi, amenewo ndi bomba. Bowo la pampu ndi lalikulu, mkono umalowa. Valani magolovesi osalowa petulo, pukutani pansi ndi nsalu zosasiya ulusi mpaka ziyambe kutuluka zoyera. Mafuta akalewo musabwezeremo. Kenako kasefa katsopano, ndipo fyuluta imene mwaika ija mudzaisinthenso mukayenda makilomita ngati 1,000, chifukwa itola zotsalira. Gulani ziwiri nthawi imodzi.

Thanki yake ndi ya malita 45. Ngati galimoto muziiyendetsa Loweruka lokha, muziiimika yodzadza.

Mayi a Chisomo:
Muonenso mphira wa pakamwa pa thanki, uja umakhala pansi pa mutu wa pampu. Ukakhala wouma mudzamva fungo la petulo m'galimoto nthawi zonse mukadzadza, poti thanki ili kuseri kwa msana wanu. Ndi mapaipi a mu boneti aja munafinya, poti mwafika kale apa asintheni ndi 30R9.

Mnyamata wa Sienta:
Ine pa Sienta yanga sindinaonepo pampu ndi maso. Ndingonena.

Wamagetsi Ndirande:
Idikireni ifike zaka 30, mudzatipeza pompano.

Mwini Roadster:
Akuluakulu, katundu wa Alamu anafika, zikomo kwambiri. Paipi yalembedwa 30R10 monga ananenera Amayi. Ndadula, ndamanga makilampu onse awiri, kasefa katsopano, thanki ndapukuta, mapaipi a mu boneti ndasintha. Ndisanabwezeretse kapeti ndinalumikiza F/P ndi GND kuti ndione ngati pali podontha, palibe.

Geji tsopano: ikulira yokha 2.4, kuzula kapaipi ka regulator 2.9, kuzimitsa n'kudikira mphindi 5 idakali pa 2.1. Ikudzuka kamodzi n'kamodzi ngakhale itatentha. Ndatsika mpaka pa Thabwa n'kukweranso, giya 3 njira yonse, pokhota pokha ndi pamene ndimatsitsa. Sinatsamwe paliponse.

Mdala wa ku Biwi:
Manambala amenewo ndi ake. Kawaya ka mu DIAGNOSIS mwachotsa? Mukakasiya pampu izilira nthawi zonse kiyi ikatembenuzidwa, ngakhale pangozi. Ma pulagi mudzawaonenso pakapita nthawi, akhale ofiirira pang'ono.

Bambo a Tadala:
Nanga makaniko uja mumusiya choncho? Akubwezereni ya ntchito.

Mwini Roadster:
Kawaya ndachotsa. Makaniko ndinamuonetsa kachidutswa kaja, akuti paipi imeneyo amaika pa magalimoto onse ndipo palibe anabwerako kudzadandaula. Ndamusiya.

Koma pali kena kakang'ono. Chidzadzireni thanki pa filingi, singano ya mafuta pa dashibodi ikungofika pa theka ndi pang'ono, sikukwera kuposa pamenepo. Kale inkafika pamwamba.

Wamagetsi Ndirande:
Kamkono ka choyandama kakodwa kapena kapindika pobweza, mwinanso kakugunda mchira wa kilampu yatsopano. Musatsegule thanki ili yodzadza choncho, mafuta asefukira m'galimoto. Yendani kaye atsike pansi pa theka, mukatulutsa muyeze ndi mita uku mukukweza ndi kutsitsa kamkonoko pamanja, manambala azisintha mosadumpha. Kapeti musaibwezeretse kaye.